Kodi atolankhani amawerenga nyuzipepala yawo yomwe?

Aphunzitsi athu a phunziro lokonza nkhani ali ndi funso limene amaponyera aliyense wobwerera kuchokera ku attachment, kumene ophunzira utolankhani timakaphunzira ntchito ku nyumba zofalitsa nkhani: kodi anthu amene munkagwira nawo ntchito kumeneko amawerenga nyuzipepala yawo? Poyamba kalasi yonse imaseka, poti likumveka ngati funso lachibwana. Munthu angalembe m'nyuzipepala osaiwerenga? Koma aliyense akayamba kufotokoza zimene anaona kumene anali, kuseka kuja kumazirala.

Nyuzipepala ikafika mu newsroom m'mawa, mtolankhani amaitola n'kuyamba kuvundukula masamba mwachangu, kusaka dzina lake. Akalipeza amaona tsamba limene nkhani yagwera, ngati ili pamwamba kapena aikankhira pansi pambali pa malonda, ndi mutu umene akonzi aipatsa. Ikamusangalatsa amaijambula n'kuika pa status ya WhatsApp. Kwatha. Imene amaiwerenga modekha, cholembera chili m'manja, ndi ya opikisana nawo, chifukwa akudziwa kuti pamsonkhano wa m'mawa mkonzi afunsa kuti nkhani yakuti ili uko, nanga ife tinali kuti?

Sindikufuna kuwaweruza msanga. Nkhani zambiri za lero anazimva kale dzulo pamsonkhano womwewo, ndiye amaona ngati akuzidziwa. Nthawi nayo njochepa: pofika 9 koloko munthu ali kale pa kabaza kuthamangira kukhoti kapena kumsonkhano wa atolankhani. Komanso makope sachuluka monga kale. Mapepala osindikizira amagulidwa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Wolemba wa kuboma, tinene ku Chitipa kapena ku Nsanje, mwina nyuzipepala yeniyeniyo saigwira n'komwe. Amamva pa wailesi m'mawa akamawerenga mitu ya nkhani, kapena mnzake amamutumizira chithunzi cha tsamba, ndipo chimene akufuna kudziwa n'choti nkhani yake yatuluka, aiwerengere pa ndalama za mwezi uno.

Amene amawerengadi nyuzipepala yonse ndi ena: wosaka zolakwika usiku isanapite ku makina, ofalitsa nkhani a maunduna amene amadula chilichonse chotchula bwana wawo, maloya ofuna poyambira mlandu woipitsa mbiri, ndi madala opuma pantchito amene amalemba makalata kwa mkonzi. Kawirikawiri cholakwika chimayamba kuonedwa ndi amenewa, mwini nkhani n'kumva pa foni.

Kumene ndinali ine kunali bambo wina wachikulire, mmodzi wa ma sub, amene amakonza nkhani ndi kuziyala pamasamba. Sankalankhula zambiri. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi ntchito yanuyi munthu amaiphunzira bwanji?" Sanandiyankhe. Anasindikiza nkhani ina monga mmene mtolankhani anaitumizira, n'kuiika pambali pa tsamba limene inatulukapo, n'kuti, "Mphwanga, khala apa, uone chimene chasintha. Ukamaliza undiuze chifukwa chake."

Inali nkhani ya mjigo umene unawonongeka pamudzi wina. Wolembayo anayamba ndi mkulu wa kukhonsolo, udindo wake wonse, malo amene analankhulira, ndi mawu ake oti boma ndi lodzipereka pa nkhani ya madzi. Amayi otunga madzi m'dambo limodzi ndi ng'ombe anali m'ndime yachisanu ndi chimodzi. Yotuluka m'nyuzipepala inayamba ndi amayiwo, mkulu uja anatsikira pakati, ndipo mawu ake odzipereka anachotsedwa, kunangotsala pamene ananena mwezi umene mjigowo udzakonzedwe. Dzina la mfumu linali litalembedwa mitundu iwiri, bambowo anachita kuimba foni kuti atsimikize. Nkhaniyo inafupika pafupifupi ndi theka koma palibe chimene ndinachisowa. M'kalasi tinaphunzira kuti chofunika kwambiri chizikhala pamwamba, tinalemba ngakhale pa mayeso, koma ndinazimvetsa patebulo limenelo. Chimene chinandikhudza n'chakuti phunziro lonseli linali la mtolankhani uja, laulere, losindikizidwa kale, koma ngati anangoona mutu n'kujambula, mawa adzatumizanso nkhani yoyamba ndi mkulu wa kukhonsolo.

Kwa ine vuto lalikulu lili pa kutsatira nkhani. Mwezi umene mkulu uja analonjeza udzafika. Adzakumbukire ndani? Nyuzipepala ndiyo imasunga malonjezo a akuluakulu, tsiku ndi dzina, koma kusungako n'kopanda phindu ngati olemba ake sabwererako. Namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kummwera mu March 2023, kunalankhulidwa zambiri za nyumba, milatho ndi malo atsopano a anthu amene anasamutsidwa. Milandu ya Cashgate, imene inaphulika mu 2013, inayenda m'makhoti zaka zambirimbiri, ndipo woitola pakati asanawerenge zimene anzake analemba kale amangolemba kuti mlandu waimitsidwa, osatha kuuza owerenga kuti waimitsidwa kangati. Ngakhale lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limathandiza munthu wodziwa chikalata chimene akufuna. Kudziwako kumachokera m'kuwerenga.

Pali masamba ena amene ophunzira timawadumpha dala, a malonda ndi zidziwitso. Bambo aja ndiwo ankayambira kumeneko. Khonsolo ikuitana makontilakitala a msewu umene nyuzipepala yomweyo inalemba chaka chatha kuti wamalizidwa. Banki ikugulitsa nyumba zolandidwa, mndandanda ukutalika mwezi ndi mwezi. Kampani ikulengeza kuti wakutiwakuti salinso wantchito wawo, musachite naye malonda. Chilichonse mwa izi ndi nkhani, ndipo chafika chokha pakhomo, mwini wake atalipira kuti chisindikizidwe. Mtolankhani akuzungulira tauni kusaka chimene chili patsamba 20 la nyuzipepala imene waikhalira pampando.

Nanga masamba a Chichewa? Aphunzitsi atafunsa amene amawerenga Tamvani ya mu Weekend Nation, Tikambe ya mu Malawi News, kapena Fuko imene imatuluka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, manja amene anakwera anali owerengeka. Ambiri timalota dzina lathu patsamba loyamba la Chingerezi. Komatu nkhani ikalembedwa m'Chichewa ndi pamene imaoneka ngati ili ndi mnofu. M'Chingerezi munthu ukhoza kubisala m'chilankhulo cha malipoti a unduna, ndime zitatu osanena kanthu. M'Chichewa agogo akumudzi akufuna kumva kuti ndalama zinali zingati, anatenga ndani, ndipo mankhwala kuchipatala abwera liti. Wolemba za bajeti atamawerenga mmene mnzake wazifotokozera m'Chichewa, bwenzi akuona pamene iye mwini sanamvetse.

Mnzanga wina anatsutsa m'kalasi, ndipo mfundo yake sinali yopepuka. Anati kuwerenga kwambiri nyuzipepala yako kumakuumba kuti uzilemba ngati onse, mawu omwewo, anthu ofunsidwa omwewo, akatswiri atatu omwe aja amene amayankha chilichonse kuyambira mtengo wa feteleza mpaka mpira. Ndikuvomera kuti ngoziyo ilipo. Kungoti ine ndimaona mwina: amene amaimbira katswiri yemweyo ndi amene sanaone kuti watchulidwa kale patsamba 2, 3 ndi 5 tsiku lomwelo.

Teremu ino tapatsidwa ntchito yotenga nyuzipepala za sabata imodzi za chaka chatha, kupezamo lonjezo limene mkulu wina anapereka, ndi kufufuza ngati linakwaniritsidwa. Mulaibulale yathu mitolo ina njosakwanira, masamba a ntchito anang'ambidwa kalekale ndi ofuna ganyu, mwakuti ena akukonza zopita ku National Archives ku Zomba kumene amasunga nyuzipepala zakale. Kumeneko munthu akhoza kusochera ndi zina, poti Malawi News inayamba mu 1959 ndipo The Nation mu 1993, zonse Aleke Banda ali mkati, pamene mizu ya The Daily Times imafika mpaka 1895. Ine ndasankha mjigo uja. Nambala ya mfumu ndili nayo, ndipo ndiyamba ndi iwo ndisanaimbire kukhonsolo.