Wotembenuka mtima Lamlungu, ndani amuyendere Lachitatu?

Abale ndi alongo otumikira mu mpingo, munthu akabwera kutsogolo kudzalandira Yesu, abusa n'kumupempherera, timaomba m'manja ngati ntchito yatha. Koma Lolemba amadzuka m'nyumba yomwe ija ya lendi ku Kanyama, ngongole ya kaloba ikadalipo, anzake akumowa akumuitana. Ambiri amatayika masabata oyambirira omwewa, chifukwa mpingo wonse unamulandira koma palibe mmodzi amene anapatsidwa udindo womusamala. Pa Mateyu 28:19-20 Ambuye anatituma kupanga ophunzira ndi kuwaphunzitsa kusunga zonse zimene analamula, ndipo zimenezi sizitheka m'mapemphero a tsiku limodzi.

M'mera mpoyamba. Tsiku lomwelo asanatuluke pachipata, lembani dzina lake, nambala ziwiri za foni (yake ndi ya wachibale) ndi kumene akhala. M'makomboni nambala ya nyumba sithandiza kwenikweni, choncho lembani chizindikiro: pafupi ndi msika uti, kuseri kwa sukulu iti, potsikira minibasi pati. Mufunseninso chilankhulo chimene amapempherera momasuka. Muno mu Lusaka munthu atha kugula ndi kugulitsa m'Chinyanja, koma za mumtima n'kumazinena m'Chibemba kapena m'Chitonga.

Kenako mumupatse mlangizi mmodzi wodziwika dzina, monga Barnaba anatengera Saulo kwa atumwi pa Machitidwe 9:27. Mwamuna asamalidwe ndi mwamuna, mkazi ndi mkazi. Apa musanyengerere, chifukwa mipingo yambiri yachita manyazi ndi maulendo a awiriwiri. Mlangiziyo azikhala mtunda woyenda pansi. Wa ku Chelstone sangakwanitse kuyendera wa ku Chawama sabata ndi sabata, ndalama ya basi imutopetsa, ndiye mvula ikayamba, madzi n'kudzaza m'njira, ulendo umatheratu. Asasenze anthu oposa atatu, ndipo ulendo woyamba uchitike masiku atatu asanathe.

Nanga akakumana azichita chiyani? Ine ndimalimbikitsa Uthenga wa Marko. Uli ndi mitu 16, ndiye mitu iwiri pa sabata ikupatsani masabata 8. Ola limodzi likwanira: mphindi 10 kufunsana za moyo, mphindi 30 kuwerenga, zotsalazo kupemphera. Pa ndime iliyonse funsani mafunso atatu okha: ikutiuza chiyani za Yesu, ikutiuza chiyani za ife, ndipo sabata ino ndichitepo chiyani? Mlangizi asasandutse nthawiyi ulaliki. Wophunzirayo aziwerenga yekha mokweza, azipempheranso ndi mawu ake ngakhale achite chibwibwi. Ngati sadziwa kuwerenga, musamuchititse manyazi. Mumuikire Baibulo lomvetsera pa foni. Mlonda wogwira usiku kapena mayi wogulitsa ku Soweto Market mukumane naye pa nthawi yake, osati yanu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene timachitira ndi nkhani ya zithumwa. Munthu akaulula kuti ali ndi mankhwala a kwa sing'anga, timathamangira kutentha, mantha amene anamupititsa kumeneko n'kuwasiya osakhudzidwa. Mwana akadwala usiku, amabwerera komweko, kapena amagwa m'manja mwa ogulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa, chifukwa mtima wake ukufunabe kanthu kogwira m'manja. Khalani naye pansi, mufunse chimene amaopa. Werengani naye Marko 5, aone Yesu akugonjetsa ziwanda, matenda ndi imfa m'mutu umodzi womwewo. Zithumwazo atulutse yekha atamvetsa, akulu a mpingo alipo. Ndipo mwana wodwalayo mupite naye kuchipatala pamodzi, mukupemphera.

Pa ndalama samalani. Mlangizi akayamba kubwereketsa kuchokera m'thumba mwake, wophunzira akalephera kubweza amayamba kumuzemba, ndipo pozemba ngongole amazembanso tchalitchi. Thandizo lidzere kwa atumiki a mpingo. Musathamangirenso kumupatsa udindo poona kuti amaimba bwino kapena ali ndi galimoto. 1 Timoteo 3:6 imachenjeza za kuika wobadwa kumene m'chikhulupiriro pa utsogoleri. Ntchito zazing'ono monga kukonza mipando kapena kuperekeza okaona odwala ndizo zimamuzika mizu.

Pofika sabata yachitatu akhale atalowa m'kagulu kopemphera ka m'dera lake, azimayi atamulandira kuchigwirizano, achinyamata ku gulu lawo, kuti asadalire munthu mmodzi yekha. Kalasi ya ubatizo iyambe mogwirizana ndi dongosolo la mpingo wanu, koma isalowe m'malo mwa maulendo a kunyumba.

Akajomba Lamlungu limodzi, muimbireni madzulo omwewo. Uthenga wa pa WhatsApp sukwanira, poti ambiri sakhala ndi mabandulo nthawi zonse. Kawirikawiri mudzapeza kuti sanabwerere m'mbuyo ayi, wangosamuka chifukwa cha lendi, wachoka ku Matero wapita ku Mtendere. Zikatero mufunireni mpingo wophunzitsa bwino pafupi ndi kwawo kwatsopano, mulembereni kalata, ndipo Lamlungu loyamba mlangizi amuperekeze mpaka kukamupereka m'manja mwa akulu a kumeneko.