Lachitatu: maola atatu a madzi

Ulendo wa ku Chitakale walephereka lero. Amfumu anaitanitsa msonkhano mwadzidzidzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo nkhani yake inali madzi. Komiti yathu yalandira kalata kuchokera kwa akuluakulu a boma oona za madzi: kuyambira sabata ino mipopi izitsegulidwa 5 koloko mpaka 8 koloko m'mawa basi. Kuthirira dimba, kuumba njerwa ndi kutsuka njinga yamoto ndi madzi a pampopi n'koletsedwa mpaka mvula itagwa.

Wa kutali angaseke kumva kuti ku Mulanje kukusowa madzi, pamene mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila yonse imatsika m'phiri la Mulanje lomweli. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatikokolola ndi madzi omwewo, koma chaka chotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ndipo Okutobala akafika, kamtsinje komwe mapaipi athu amatengako madzi kamangoyenda pansi pa miyala. Mapaipi athu alibe injini, madzi amatsika okha, choncho akachepa, wa kumapeto kwa paipi ndiye amayamba kuvutika.

Woyamba kuimirira anali mnyamata woumba njerwa. “Amfumu, ife mukutiletsa, nanga a ku Blantyre akumwa Likhubula mukuwaletsa?” Anthu anaomba m'manja kwambiri. Amanena paipi ija inamangidwa ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni ya ku India, yotenga madzi a Likhubula kupita ku Blantyre kudzera ku Nguludi, yomwe anaikonza kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku. Paja anthu a kuno anachita zionetsero ntchitoyo isanayambe, ndipo bala lake silinapole. Komabe ine manja anga ndinawasunga. Kamtsinje kathu si Likhubula. Chikukaphwetsa ndi moto umene timaona ukuyaka m'phiri usiku chilimwe chilichonse, makala amene amatsika panjinga mbandakucha, ndi mikungudza yomwe inatha kudulidwa ife tikuyang'ana.

Amene anandifika pamtima ndi amalume. Iwo anali ku Cape Town mu 2018, mzindawo utatsala pang'ono kutseka mipopi yonse, ndipo lamulo linali malita 50 pa munthu patsiku. Kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa, zonse m'zigubu ziwiri ndi theka za malita 20. Anati zinali zowawa, koma kumeneko amawerenga malita, pamene kuno tikuwerenga maola. Maola atatu si ofanana kwa aliyense. Amene ali ndi mpopi pakhomo ndi thanki pamwamba amatsegula 5 koloko, thanki n'kudzaza, madzulo n'kumathirira maluwa, ndipo palibe lamulo lomwe waphwanya chifukwa madziwo ndi a m'thanki mwake. Mayi wa ndowa imodzi amakhala pamzere nthawi yomweyo, madzi akumezedwa kumtunda asanamufike. Lamuloli silikupulumutsa madzi kwenikweni, likungowasamutsira kwa omwe ali ndi posungira.

Agogo ena a kumunsi anayankha osaimirira n'komwe: “Mwanangu, wanena zoona. Maola atatuwo ife timangomva mphepo ikulira mumpopi.” Anthu anaseka, koma amayi a kumunsi sanaseke. Iwo ayamba kale kukatunga m'zitsime zokumba mumchenga wa mumtsinje, ndipo tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023.

Tinakangana mpaka dzuwa kufika paliombo. Zomwe tagwirizana n'zakuti Lachiwiri ndi Lachisanu a kumtunda azitseka mipopi yawo kuti madzi afike kumunsi. Za mathanki, wapampando anati nkhaniyo ikufunika kuiona bwino, tidzakambirana tsiku lina. Sindinena kuti pakhomo pake pali chiyani, odutsa pamsewu amaona okha.

Loweruka tikupita kukalambula udzu kuzungulira pomwe paipi imayambira, moto usafike pa mitengo yotsalayo. Amfumu ati banja lililonse litumize munthu ndi khasu kapena chikwanje. Mnyamata wa njerwa uja anafunsa ngati kudzakhale kangachepe, ndipo amfumu anamuuza kuti abwere ndi chinangwa chake chophika.