Maliro a Zigoba Zitatu

Popeza mlamu wanga wayamba kale kufalitsa nkhaniyi moithira mchere, ndiloleni ndiifotokoze ndekha. Ndi zoona kuti ndinachititsa maliro a tinkhanu tomwe sitinafe, koma si zoona kuti ndinaimba nyimbo zitatu. Ndinaimba imodzi, ndiponso chapansipansi.

Tinkhanu take ndi tofiira tija totchedwa cherry shrimp, tosapitirira masentimita 4 ngakhale titakula. Malangizo onse ndinawatsatira. Thanki ya malita 20 inakhala masabata 6 muli madzi ndi ndere zokha kuti mabakiteriya ochotsa ammonia (poizoni wochokera ku zonyansa za m'madzi) achulukane, mpaka alendo ankafunsa ngati ndayamba kuweta madzi, ndipo titafika tinkhanu khumi, ndinatizoloweza madzi atsopanowo dontho ndi dontho kwa maola awiri.

Pa tsiku lachisanu m'mawa ndinapeza mitembo itatu ili chagada, yoyera mbuu, miyendo ndi ndevu zonse zilipo. Podziwa kuti mankhwala opopera udzudzu amapha tinkhanu, mlandu ndinaugwetsera pa mayi a kunyumba, osawapatsa ngakhale mpata woyankha. Kenaka ndinavuula malemuwo ndi supuni ya tiyi, mmodzimmodzi, n'kuwagoneka pa thonje m'bokosi la machesi, mitu kuloza mbali imodzi. Wachiwiriyo anapepuka kwambiri moti mpweya wanga unamuulutsa, ndipo ndinamusaka chokwawa pansi pa mpando, misozi ili chuchuchu, ndikudandaula kuti matenda anamudya mpaka kumutha mnofu wonse. Manda ndinakumba mu mphika wa maluwa, ndipo mawu a banja, a mpingo ndi a mfumu ndinayankhula ndekha.

Nditabwera ku manda ndinaimbira foni amene anandigulitsa tinkhanuto kuti andibwezere ndalama. Iye anamvetsera modekha, kenaka anati: “Achimwene, nkhanu yakufa imakhala ndi mnofu ndipo sitaya mtundu choncho. Zanuzo sizinang'ambike pamsana? Tawerengani zotsalazo.”

Ndinawerenga kanayi, ndikusuzumira kuseri kwa ndere, ndipo tinkhanuto tinalipo khumi. Tinkhanuti timafundula ngati njoka, pafupifupi mwezi uliwonse, n'kubisala mpaka chigoba chatsopano chitalimba, ndipo chakalecho timachidya kuti tibwezeretse calcium m'thupi. Choncho chimene ndinaika m'manda mwaulemu wonsewo chinali ndiwo zawo. Komabe amene akundiseka andiuze ngati anaonapo chovala chovulidwa pamodzi ndi ndevu za mwiniwake.

Ndinapita kukafukula bokosi lija kuti ndibweze chakudyacho, koma nyerere zinali zitagawana kale chuma cha masiye. Mayi a kunyumba sanalandirebe kupepesa kwanga, ndipo mlamu akuti chipepeso cha mchere chimene anabweretsa ndimubwezere. Kankhanu kamodzi tsopano kanyamula mazira achikasu kumimba, ndipo wogulitsa uja wandipempha kuti, chilichonse chimene ndingaone m'thankimo, ndiyambe ndamuimbira ndisanatenge supuni.