Kapulogalamu kanga kanakana pa Alpine

Sabata yatha ndinalemba kapulogalamu ka C kofufuta mafayilo akale pa seva. Pa Debian, mtundu wina wa Linux, kanayenda bwinobwino. Kakalephera kutsegula fayilo, ndinkagwiritsa ntchito error(), function ya GNU yosindikiza uthenga wa vuto: mzere umodzi basi, dzina la pulogalamu, uthenga, kenako "No such file or directory". Zokongola.

Nditakasamutsira ku Alpine, mtundu winanso wa Linux, compiler inakana kwamtuwagalu: error.h, fayilo yofunika kuti error() igwire ntchito, kulibe. Ndinaiwala kuti Alpine imayendera library ya C yotchedwa musl, osati glibc ya GNU yomwe ili ndi error(). Cholakwa changa, sindinamizira wina.

Mnzanga wokonda OpenBSD anati, "Achimwene, bwanji osangogwiritsa err()?" Sananame. err() imagwira ntchito yofanana ndi error(); inayambira ku 4.4BSD, Unix yakale, ndipo glibc, musl ngakhale macOS ali nayo. Koma mu POSIX, muyezo wa ma system a mtundu wa Unix, mulibe, ndiye mtima sunakhazikike.

Mapeto ake ndinalemba yangayanga, mizere isanu: kusunga errno (nambala ya vuto) kaye isanasinthidwe, fprintf ku stderr (kotulukira mauthenga a mavuto), strerror yosandutsa nambalayo kukhala mawu, kenako exit. Siyokongola, ndikuvomera, ndipo wozolowera err() ndi inzake warn() aziyang'ana mokwinya nkhope. Chondivuta pano ndi argv[0], dzina lomwe pulogalamu yayitanidwa nalo, yomwe ikumasindikiza /usr/local/bin yonseyo patsogolo pa uthenga uliwonse. Ndiidula mawa, lero maso atopa.