App ya ku jimu kapena ya pakhomo?

Abale, musanatsitse app yolimbitsa thupi, yambani mwadzifunsa ngati zitsulo muli nazo. Ma app monga Strong, Hevy ndi JEFIT ntchito yake yaikulu n'kulemba makilo, ma reps (maulendo amene mwanyamula chitsulo musanapume) ndi maseti (magulu a ma reps). Amathandiza munthu wopita ku jimu katatu pa sabata, amene amawonjezera 2.5 kg akakwanitsa ma reps 12. Popanda zitsulo angokudzazirani foni.

Wa pakhomo asankhe app ya ma push-up, ma squat (kunyonyomala n'kudzuka) ndi plank (kukhala chafufumimba mutatsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili lowongoka). Koma thupi limazolowera. Mukafika pa ma push-up 30 osatopa, minofu siyikulanso kwenikweni. Apo ikani mapazi pampando, muzitsika pang'onopang'ono kwa masekondi 3, kapena berekani chikwama cha mabuku. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti msana umaiwalika, poti masewera odzikoka amafuna pogwira. Gonani chagada kunsi kwa tebulo lolimba, gwirani m'mphepete, mudzikoke mpaka chifuwa chiyandikire thabwa, maseti 3 a maulendo 8.

Onaninso ngati app imagwira popanda intaneti, mavidiyo amadya bandulo koopsa. Za "free trial" (masiku oyesera app mwaulere) samalani nazo, mukaiwala kuletsa ndalama zimadulidwa zokha pa khadi.