K5 miliyoni ya mwendo wa mmisiri

Ndagwira ntchito zaka 9 ku kampani ya inshuwalansi, pa desiki ya claims (yoona zopempha chipukuta misozi pakachitika ngozi), ndipo ndinkaganiza kuti palibe fayilo ingandisowetsenso tulo. Sabata yathayi fayilo imodzi yandigoneka mochedwa masiku atatu.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: mabampala, magalasi akutsogolo, makotesheni a kumagalaja, assessor (woyeza kuonongeka kwa galimoto) wosayankha foni, ndi mwini minibasi ina yomwe inagumula mpanda ku Limbe akulimbikira kuti mpandawo unali wakugwa kale. Pa desiki pomwe tinkakhala anthu 4 tatsala awiri, ndipo mabwana amati tipirire mpaka bajeti ya chaka chamawa. Ngakhale zili choncho ndinatseka mafayilo 11 m'masiku awiriwo, popanda ndi imodzi yomwe yobwezedwa.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko anandiimbira a pa reception kuti kwabwera mayi wina ndi bambo wachikulire, ndipo akana kuchoka mpaka aonane ndi amene wasunga ndalama zawo.

Fayilo yawo ndinkaidziwa bwino. Mwamuna wa mayiyu ndi mmisiri womanga nyumba wa ku Lunzu. Loweruka lina madzulo, zaka ziwiri zapitazo, akuyenda m'mbali mwa msewu wa M1 poweruka, anawombedwa ndi galimoto ya Vitz yomwe inasiya msewu. Woyendetsa anali mnyamata wochokera kokamwa, ndipo lipoti la apolisi linati mowa m'thupi mwake unapitirira mlingo wa 0.08 womwe malamulo amalola. Mwendo wakumanja anaudula m'munsi mwa bondo. Loya wawo anasumira ife pamodzi ndi dalaivalayo, monga gawo 148 la Road Traffic Act limalolera, ndipo panalibe choti tikanire. Poyeza chipukuta misozi khoti linawerengera ululu, kulumala, komanso kuti munthuyu sadzakweranso pa sikafodi, ndiye chipukuta misozi chinaposa kuwirikiza katatu malire a policy, ndalama zomwe mgwirizano wa inshuwalansi umati kampani singalipire kupitirira apo. Policy ya mnyamatayo inali third party wamba, yolipira anthu ena okha amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Malire ake K5 miliyoni, ndalama za mlandu zili momwemo.

Bambo wachikulire uja, yemwe ndi malume a wovulalayo, anatulutsa pepala m'jumbo n'kuliwongola ndi chikhatho patebulo panga.

"Bwana, pepala ili ndi la khoti kapena si la khoti?"

"Ndi la khoti, bambo."

"Nanga bwanji loya akutiuza kuti inu mupereka 5 yokha? Zinazo wadya ndani?"

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene ndafotokozera ena ambiri, kuti lamulo lomwe limawapatsa mphamvu yotisumira lomwelo limanenanso kuti kampani ilipire mosapitirira ndalama zolembedwa mu policy. Palibe wadya. Zotsalazo ndi ngongole ya amene anagunda. Mawuwa ndimawadziwa pamtima, koma tsiku limenelo ankandilemera m'kamwa.

Mayi aja nthawi yonseyi anali chete, atagwira buku la kuchipatala la amuna awo, lomwe lachita kuthetheka m'mbali chifukwa chopindapinda. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Ndiye zotsalazo tikatenge kwa mnyamata uja?"

"Eya, mayi."

"Iye uja timamuona. Analipira faindi, anatuluka. Amadutsa pa Lunzu pa galimoto ina. Ife bambo a kunyumba akafuna kupita kuchimbudzi usiku ndimachita kuwanyamula ndine."

Sanalire, sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitandipepukirako.

Anzanga a ntchito ino mukudziwa tanthauzo la mawu oti "kazitengeni kwa dalaivala". Mnyamatayo amakhala nyumba ya lendi, Vitz ija inatheratu pa ngozi pomwepo, galimoto yomwe akuyendetsa pano si yolembedwa dzina lake. Loya atati atumize masherifu, akanyamulako TV ndi mipando, zomwe sizingakwane ngakhale ndodo zoyendera ndi thiransipoti ya kuchipatala ya zaka ziwirizi. Chigamulo chija chidzakhala m'jumbo momwemo mpaka pepala litafumbwa. Ku South Africa munthu wotere amapita ku Road Accident Fund, thumba lomwe ndalama zake zimadulidwa pa mtengo wa mafuta, ndipo ngakhale nako anthu amadandaula za kuchedwa, khomo logogoda lilipo. Ine ndinalibe khomo loterolo loti ndiwalozere.

Chomwe chimandiwawa ndi chakuti K5 miliyoni imeneyi ndinaipeza pomwe ndinkayamba ntchito, ndipo ndikuionabe m'mafayilo ambiri obwera patebulo panga. Pakatipa kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Thumba la simenti lomwe mmisiriyu ankaumbira moyo wake linakwera, mankhwala anakwera, premium, ndalama yomwe kasitomala amalipira pa inshuwalansi, nayo tinaikweza. Mtengo wa mwendo wa munthu ndi womwe unaima. Malire okwererapo timagulitsa, inde, koma ndi angati amauzidwa? Kasitomala amafika pa kauntala n'kunena kuti, "Ndipatseni yotchipa, yoti ndingodutsira pa roadblock," ndipo wogulitsa, poopa kuti munthuyo apita kwa ena, amangodinda. Ndakhala ndikunena m'misonkhano kuti aliyense wogula third party aziuzidwa momveka kuti akavulaza munthu, zopitirira malire adzalipira za m'thumba mwake. Amalemba mu maminitsi, basi.

Koma manyazi enieni anandigwira atafunsa malume aja kuti, "Chabwino, 5 yomweyo ili kuti?"

Requisition, kalata yopempha kuti ndalamazo zituluke, ndinaisainira ine ndemwe masabata 7 apitawo. Inali idakali kumwamba kwa mabwana. Pali chizolowezi china chomwe sichinalembedwe paliponse: amayamba kulipidwa ndi amene loya wake wafika ndi masherifu pa geti, kenako makasitomala akuluakulu a magalimoto ambiri, ndipo mmisiri wa ku Lunzu amadikira. Zoti malire ndi ochepa ndingathe kunena kuti si ife tokha. Koma kusunga ndalama zochepazo masabata 7, mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku, munthu akunyamulidwa ndi mkazi wake usiku, pamenepo palibe wina woti tim'loze chala. Ndinawauza zoona, kuti cheke sichinasainidwe, ndipo ndinawapatsa nambala yanga ya m'manja, zomwe sitiloledwa kuchita.

Lachinayi m'mawa ndinakwera ndi fayiloyo. Bwana anati ndalama zikuvuta mwezi uno, ndidikire macheke otuluka pa 30. Ndinatsegula pa tsamba la lipoti la dokotala, pomwe pali chithunzi cha chitsa cha mwendo, n'kuliika patsogolo pawo. Ndinawauza kuti banjali likakadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ine ndidzalemba tsiku lomwe ndinasaina ndi tsiku lomwe fayilo inakwera, osawonjezera kapena kuchotsa. M'zaka 9 sindinayankhulepo ndi bwana motero, ndipo manja ankanjenjemera potuluka. Madzulo ake ndinayankha makalata a maloya 6, ndinakana claim ya galimoto yomwe zinaoneka kuti inagundidwa inshuwalansi isanagulidwe, n'kuweruka mdima utagwa.

Lachisanu kunabwera mnyamata wa kabaza wothyoka chiuno, atanyamula lipoti la apolisi la ngozi yomwe inachitika zaka zitatu ndi miyezi iwiri yapitayo. Palibe anamuuzapo kuti mlandu wa kuvulala umayenera kukalowa kukhoti zaka zitatu zisanathe. Ndinamulembera pa kapepala komwe kuli ofesi ya Legal Aid Bureau, ndikudziwa kuti mwina wachedwa kale.

Cha m'ma 4 koloko cheke cha mmisiri chinatsika chili ndi siginecha imodzi. Wosaina wachiwiri anali atanyamuka kale kupita ku Lilongwe. Ndinawaimbira mayi aja kuwauza mmene zilili. Anathokoza, kenako anafunsa ngati zotsala, loya akachotsapo zake, zingakwane mwendo woikirira, chifukwa bambo akhala akufunsa ngati angadzathenso kuima n'kumapaka pulasitala ngakhale makoma am'munsi okha. Ndinati ndifufuza mtengo wake ndiwaimbirenso Lolemba. Fayiloyo sindinaibweze mu kabati, ili mu dirowa yanga, ndipo Lolemba 7:30 ndikakhala nayo pakhomo pa wosaina wachiwiriyo.