Ndinalowa m'tauni ndi rula m'thumba

Loweruka usiku, ku Mufakose.

Magetsi anapita m'bandakucha, mpaka pano zii. Ndikulemba mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, ndipo chinthu chimene chandiyendetsa mu Harare tsiku lonse, tabuleti yowerengera buku la malamulo a masewera, chili apa patebulo, chikuwala chokha mumdima.

Ndiyambire patali pang'ono. Malemu bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Avondale. Mzunguyo posamuka anawasiyira katundu, ndipo pakati pa mapoto ndi makatani panali mabokosi a masewera otchedwa Advanced Squad Leader. Anatulutsa ndi kampani ya ku America ya Avalon Hill mu 1985, koma masiku ano amasindikiza ndi a Multi-Man Publishing. Ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse yoseweredwa pa mapu: kabokosi kalikonse ka ngodya 6 kamaimira mamita 40, ndime imodzi imaimira mphindi ziwiri, asilikali ndi timakatoni tochepa ngati chikhadabo, ndipo mlandu uliwonse amaweruza ndi madayisi awiri. Mabokosiwo anakhala pansi pa bedi zaka zambiri mpaka alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, atawatulukira. Kuyambira pamenepo Lamlungu masana sitipezeka.

Vuto lake ndi malamulo. Bawo munthu amasunga yense m'mutu, agogo osawerenga n'komwe amakudya mpaka kukusiya m'manja muli mbee. Awa ayi. Buku lake ndi chifayilo cha mphete zitatu, masamba mazanamazana, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Mutu A ndi wa asilikali oyenda pansi, B ndi wa malo monga nkhalango, nyumba ndi minda, C ndi wa mizinga, D ndi wa akasinja ndi magalimoto. Lathu linadyedwa ndi chiswe cha pakati pa mutu B, ndipo pamenepo m'pamene panabuka mkangano sabata yatha. Nkhondo imene tinkasewera inali ya mu Okutobala. Alamu anaika asilikali awo kuseri kwa munda wa tirigu n'kumati zipolopolo zanga zisokonezeke ndi tiriguyo. Ine ndinati ku Ulaya mwezi umenewo anakolola kalekale. Iwo akuti, "Alamu, pitani ku mafamu mukaone ngati tirigu wachoka m'munda." Tsamba lotiweruza linali m'mimba mwa chiswe. Tinasiya mapu ali chiyalire, aliyense atatupa.

Muphwa wanga wa ku Johannesburg atamva, anandigulira buku lomwelo la PDF pa intaneti. Mulungu amudalitse mwanayo. Koma kuliwerenga pa foni ndi chilango. Utambasule ndi zala, ukankhire kumanja, ubwerere kumanzere, pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala poyambira. Mayi a kunyumba atandiona usiku wina magalasi ali pamphuno, foni ili pafupi kugunda diso, anati, "Abambo, muchita khungu chifukwa cha timakatoni." Anavomera za tabuleti pa mfundo imodzi: mkati mwa sabata ikhale ya ana, ya sukulu.

Ndiye m'mawa, tisanakwere kombi, ndinachita chinthu chimene alamu anaseka nacho mpaka m'tauni. Ndinamasula tsamba limodzi m'chifayilo chija n'kuliyeza. M'lifupi masentimita 21.6, m'litali 27.9, muyeso wa pepala wa ku America, wofupikirapo komanso wotakatirapo pang'ono kuposa A4 wathu. Tsambalo ndi rula ya mwana wanga ndinaziika m'chikwama.

Poyamba tinalowa m'nyumba zija anazidula timashopu tambirimbiri, kamodzi mafoni, kena mawigi, kena nsapato. Mnyamata wina anatikodola, "Mudhara, mudhara!" natulutsa tabuleti yonyezimira, ya dzina loti sindinalimvepo chibadwire. Ya SIM ziwiri, kava yaulere, kiyibodi yaulere, mtengo wongotola. Pabokosi analembapo manambala akuluakulu oopsa. Ndinamupempha kuti ndiyeserepo buku langa. Anavomera monyinyirika, ndinayatsa hotspot pa foni, fayilo inalowa. Kutsegula kokha ndinali nditapukuta magalasi kawiri. Tsamba lililonse linkayamba loyera, kenako zithunzi, zilembo n'kumabwera pambuyo ngati ana ochedwa kusukulu. Nditalemba mawu amodzi kuti indifufuzire m'buku lonse, inangoti njo, osayankhanso. Alamu anandikodola ndi chigongono. Chikomekome cha mkuyu. Ndinafufuta fayilo yanga tisanachoke, poti ndi yogula.

Sitolo yachiwiri inali yooneka bwino, cha kufupi ndi Joina City. Kumeneko anandionetsa Samsung Galaxy Tab A9+ yatsopano, ya mainchi 11. Iyi ilibe mlandu. Buku linatseguka msanga, zilembo zooneka bwino, kufufuza kunayenda. Mtima unayamba kale kuwerenga ndalama. Kenako ndinatulutsa rula. Nditaiimika ngati buku, sikirini yake m'lifupi inakwana masentimita 14.8, ndipo pamwamba ndi pansi pa tsamba panatsala malo opanda kanthu. Pambali pake panali iPad yoonetsera ya mainchi 10.2. Wogulitsa anati imeneyo ndi yaing'ono, ndisataye nayo nthawi. Rula inati 15.5.

Mtsikanayo anayeza yekha kawiri. Ine ndemwe ndinadabwa, ngakhale ndinkakayikira kale. Nkhani yake ili apa: mainchi amene amalemba pabokosi amayeza chopingasa, kuchoka ngodya ina kufika ngodya ya kutsidya. Sakuuza kuti sikiriniyo ndi yotakata bwanji. Matabuleti ambiri a Android ndi a 16:10, aatali ndi owonda, opangidwira kuonera mafilimu. iPad ija ndi ya 4:3, yojintcha, ndipo tsamba la buku langa ndi lojintcha chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Tsamba likamalowa lathunthu pa sikirini, chimene chimalamula kukula kwa zilembo ndi mulifupi. Pa ya mainchi 11 ija tsamba limachepa kufika pa 69 peresenti ya kukula kwake, pa ya 10.2 limafika 72. Wina anena kuti kusiyana kwa 3 peresenti n'chiyani. Zoona, si kwambiri. Koma ndinali pafupi kulipira utali umene buku langa silingaugwiritse ntchito, ndikuganiza kuti ndagula yaikulu. Ukaigoneka cham'mbali zilembo zimakula ndithu, kungoti umaona theka la tsamba, ndipo lamulo likathera pansi pa danga loyamba uyenera kukweranso pamwamba kukapeza lachiwiri.

Panalinso iPad Pro ya mainchi 12.9. Rula inati 19.7, kutanthauza kuti tsamba limaoneka pafupifupi mmene lilili papepala. Ndinaika tsamba langa lachikasu lija pambali pake, zinthu ziwirizo n'kumaoneka ngati mapasa. Nditafunsa mtengo ndinabweza rula m'chikwama mwaulemu.

Nkhomaliro tinadyera pa benchi mu Africa Unity Square, tchipisi ndi zakumwa, maluwa a jakaranda akutigwera m'mapepala. Apa alamu anatulutsa maganizo awo. Akuti ndi magetsi athuwa, bwanji osagula ija ya inki, ngati Kindle, imene batire yake imatha masabata. Mnzawo wa kuntchito ali nayo, ndipo yaikulu yake, Kindle Scribe, inali ya mainchi 10.2 yomweyo. Ndinaganizira ndithu, chifukwa maso satopa nayo ndipo padzuwa imawerengeka. Koma ija imakomera nthano, imene umayamba tsamba loyamba n'kumatsetsereka mpaka kumapeto. Buku la malamulo saliwerenga choncho. Umalisakasaka ngati nkhuku pa dzala, mdani wako ali phee akukudikira ndi madayisi m'manja. Sikirini ya inki imaphethira kaye isanasinthe tsamba. Komanso zithunzi za m'bukumu zimadalira mitundu: nyumba ya miyala ndi yotuwa, ya matabwa ndi yofiirira, ndipo yoyambayo imateteza ndi +3 pomwe inayo ndi +2. Zonse zikakhala zotuwa, asilikali afa bwanji osalakwa. Alamu anangoti, "Chabwino, koma mukaitchajira kuti?" Ndinawakumbutsa kuti kwawo kuli sola.

Pa benchi pomwepo ndinazindikira kuti rula yayankha theka chabe la funso langa. Theka linalo ndi kudumpha. Lamulo lililonse m'bukumu limaloza linzake. Ukuwerenga za kuombera pa A7, likutumiza ku A6.7 pa zinthu zotchinga maso, kumeneko likutumizanso ku mutu B, ndipo m'katikati muli zidule ngati LOS, TEM ndi DRM zofuna kukaziona ku mlozera. M'chifayilo chakale ndinkatsekera zala zitatu m'malo atatu. Mu PDF manambala amenewa ndi malinki, ukadina umafika pompo. Koma kubwerera? Pa foni yanga ndikadumpha kawiri ndasochera, ndiyambenso kusaka pamene ndinali. Ichi si cha tabuleti kwenikweni, ndi cha pulogalamu yowerengera: ikhale ndi kamuvi kokubweza pamene unachokera, ilole kuika zizindikiro, ndipo ngati n'kotheka itsegule mafayilo awiri, buku ndi matebulo a madayisi. Chimene tabuleti iyenera kuchita n'kusachita wefuwefu ukamadumpha choncho. Ndiye ndinakonza mayeso anga: kudumpha katatu, kubwerera katatu, kufufuza mawu amodzi.

Masana tinatsikira kumunsi kwa tauni kusaka iPad ya 10.2 yogwirapo kale ntchito. Yoyamba imene tinapeza inali yosalala ngati ya m'bokosi, mtengo wabwino modabwitsa. Nditati tiifufute zonse tiyambire pachiyambi, mwini sitolo anayamba nkhani zambiri. Alamu anaumirira. Itayakanso, inafunsa akaunti ya iCloud ya mwini wake wakale, munthu amene palibe akumudziwa. Yoteroyo ndi mbale yoikira tiyi basi. Mkuluyo akuti ali ndi mnyamata amene amatsegula, tibwere Lolemba. Tinatsanzika.

Tikutuluka tikung'ung'udza m'chinenero chathu, mnyamata wa kashopu koyandikana anatiyang'ana n'kumwetulira. "Amalume, muli bwanji?" Chichewa chake chinathera pomwepo, zotsalazo anapitiriza m'Chishona. Akuti agogo ake aakazi anali a ku Ntcheu, anakulira nawo ku Mbare, ndipo mpaka lero sadza amati nsima akafuna kuseketsa anzake. Anali ndi iPad ya mu 2021, ya 64GB, yokandika pakona imodzi ndiponso yopanda bokosi. Anaifufuta yekha ife tikuona, inayaka osafunsa dzina la munthu. Tinaikamo pulogalamu yowerengera ndi buku. A7, A6.7, mutu B, kubwerera, kubwerera, kubwerera, ndinapezeka pamene ndinayambira. Kufufuza mawu kunatenga nthawi yongomeza malovu. Batire ndinaiyesa mwachimidzi: ndinakweza kuwala mpaka kumapeto n'kukhala pampando mphindi 20 ndikutembenuza masamba, diso lili pa peresenti. Inatsika pang'ono, mwaulemu. Ndinayang'ananso sikirini pa tsamba loyera ngati ili ndi mabanga, n'kugwedeza chingwe cha tchaja polowera kuti ndione ngati sichikudukiza. Chingwe chake ndi cha Lightning, chosiyana ndi cha mafoni a m'nyumba mwathu, ndiye chikasowa palibe wobwereka.

Tinanenerera mpaka madola 180. Alamu anayesa kukokera chibale cha ku Ntcheu kuti atsitsenso, mnyamatayo anaseka n'kuwonjezera kava yakale m'malo mwake. Tchenje cha kombi anatipatsa cha ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe.

M'kombi alamu ankafuna titsegule pomwepo tione za tirigu. Ndinakana, chikwama ndinachikumbatira pamimba mpaka kutsika. Anatsikira kwawo akunena kuti ndikuopa.

Ana agona atakanganirana kale kuti ayambe ndani Lolemba. Mayi a kunyumba anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati kukandikako kunalipo kale kapena ndaigwetsa ine. Atalowa kuchipinda, ndinatsegula B15. Tirigu amakhala m'munda kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Mu Epulo ndi Meyi ndi munda wongolima. Miyezi ina yonse ndi poyera, ndiye asilikali a alamu aja akhala pamtetete sabata yathunthu osadziwa.

Ndawaimbira pompano. Anakhala chete kanthawi, kenako akuti, "Bwerani nayo mawa ndidziwerengere ndekha. Ndipo muionenso bwino nkhani ya kasinja wanu uja munadutsa naye m'nkhalango ngati ali pa msewu wa Samora Machel." Ndatsegula mutu D. Batire ili pa 41 peresenti.